Mabuku a kukula: zimene nkhani zopeka za achinyamata zimanena pa jenda, kudzidziwa ndi zibwenzi

Pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi pa sekondale ina yoyendera, kumpoto kwa boma la Kasungu, mayi ena anaimirira atanyamula buku la Chingerezi lothothoka chikuto, limene analipeza m'chikwama cha mwana wawo wamkazi wa Fomu 3. Iwo sawerenga Chingerezi, koma alamu awo anali atawamasulira masamba awiri a pakati, pamene mtsikana wa m'nkhanimo akunamiza makolo ake kuti akupita kukawerenga kwa mnzake pomwe akukakumana ndi mnyamata. "Aphunzitsi," anatero mayiwo mawu akunjenjemera, "kodi awa ndiwo mabuku amene ana athu akhozere mayeso?" Aphunzitsi aakulu anavomera kuti bukulo linabwera m'katoni ya mabuku othandizidwa kuchokera kunja, ndipo palibe amene anali ataliwerenga mpaka kumapeto. Ndinali pamsonkhanopo, ndipo chimene chinandikhudza n'chakuti tinakambirana kwa ola lathunthu popanda ndi mmodzi yemwe wotha kunena kuti bukulo ndi la mtundu wanji ndiponso kuti mabuku otero amalembedwa ndi cholinga chotani.

Kodi ndi mabuku otani?

Pali zinthu ziwiri zimene zinakumana n'kupanga mtundu umenewu wa mabuku. Choyamba ndi kalembedwe kakale kotsatira munthu mmodzi kuchokera ku ubwana kufikira atakhwima nzeru. Akatswiri a zolemba amakatcha Bildungsroman, mawu a Chijeremani amene Karl Morgenstern anawagwiritsa ntchito mu 1819, ndipo tanthauzo lake ndi nkhani yaitali yosonyeza mmene munthu anaumbikira. M'nkhani yotere chofunika kwambiri ndi kusintha kwa mumtima mwa mpangankhani wamkulu, kotero kuti amene tikutsanzikana naye patsamba lomaliza sakuonanso dziko monga ankalionera patsamba loyamba.

Chachiwiri ndi gulu la owerenga. Ogulitsa mabuku ndi oyang'anira malaibulale ku America anaona kuti pali msinkhu umene wapitirira nthano za ana koma sunafike pa mabuku a akulu, ndipo anautcha young adult, kutanthauza achinyamata a zaka 12 mpaka 18. Bungwe la American Library Association linakhazikitsa nthambi yoona za owerenga amenewa mu 1957, ndipo ambiri amati mtundu wa mabukuwu unakhwima mu 1967 pamene linatuluka buku la The Outsiders, limene S. E. Hinton anayamba kulilemba akadali pa sekondale. Chinadabwitsa anthu m'bukulo n'chakuti wachinyamata ankalankhula yekha, m'mawu ake, za umphawi ndi ndewu za magulu a anyamata, popanda wamkulu woimirira pambali kumuwongolera pakamwa.

Kwathu kuno nkhani za kukula si zachilendo

Si zoona kuti kalembedwe kameneka kanabwera ndi makatoni a mabuku othandizidwa. Mu 1933 Samuel Josia Ntara anatulutsa Nthondo, nkhani ya m'Chinyanja yotsatira mnyamata kuyambira kubadwa kwake, kupulupudza kwake, ulendo wake wokagwira ntchito kunja, kufikira atabwerera, kulowa ufumu ndi kutembenuka mtima. Anthu a ku Kasungu amadziwanso bwino za William Kamkwamba wa ku Wimbe, amene anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, n'kudziphunzitsa yekha kupanga magetsi a mphepo kuchokera m'mabuku a mulaibulale yaing'ono. Buku lake la mu 2009 ndi mbiri yeniyeni, si nkhani yopeka, koma msana wake ndi womwewo: mwana amene dziko lamutsekera khomo akufunafuna kumene angatulukire.

Pa nkhani ya atsikana, buku limene limatchulidwa kwambiri kuno kumwera kwa Africa ndi Nervous Conditions la Tsitsi Dangarembga wa ku Zimbabwe, lomwe linatuluka mu 1988. Mmenemo mtsikana akulima kamunda ka chimanga kuti agulitse apeze fizi, popeza ndalama zochepa za pakhomo zapita kwa mchimwene wake, ndipo mwayi wophunzira ku mishoni ukumupeza pokhapokha mchimweneyo atamwalira. Palibe munthu wa ku Santhe kapena ku Chamama amene angafune womumasulira vuto limeneli.

Mmene nkhani yotere imayendera

Njira yapafupi yomvetsera kamangidwe ka nkhanizi ndiyo kuganizira za chinamwali. Katswiri wina wa miyambo, Arnold van Gennep, analemba mu 1909 kuti miyambo yochotsa munthu pa msinkhu wina kumuika pa wina imakhala ndi magawo atatu pafupifupi kulikonse: munthu amapatulidwa kwa anzake, amakhala nthawi ina pamalo apakati, kenaka amabwezedwa kwa anthu ali ndi ulemu watsopano. Ife tikuzidziwa izi popanda kuwerenga buku lake. Namwali amachotsedwa pakhomo, amakhala m'tsimba pamodzi ndi aphungu ndi anamkungwi, ndipo tsiku lotuluka mudzi wonse umamuona ngati munthu wina. Mipingo inasintha zambiri poyambitsa chilangizo, koma mafupa a mwambowo anatsala.

Wolemba nkhani ya kukula amachita zofanana. Amayamba ndi chinthu chimene chikuchotsa mwana pamalo ozolowera: imfa ya kholo, kusankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko, kusamuka, kapena kutha msinkhu kumene. Gawo lalikulu la buku limathera pamalo apakati aja, pamene mpangankhani salinso mwana koma akulu sanamulandire, ndipo m'menemu ndi mmene amalakwitsa, kunama, kukonda molakwika, kuchita manyazi ndi kwawo, ndi kutaya abwenzi. Pampondachimera pamafika pamene ayenera kusankha yekha chinthu chimene palibe angamusankhire.

Tiyerekeze ndi nkhani yongopeka pano. Mtsikana wa zaka 16, mwana wa tenanti pa esiteti ya fodya, amadzuka m'bandakucha kukasoka fodya m'chigafa asanapite ku sukulu, ndipo amafika m'kalasi zala zili zakuda ndi utomoni wa masamba umene sopo wochapira satha kuuchotsa. Amabisa manja pansi pa desiki. Mnyamata wina wa kabaza amayamba kumunyamula ulere, kenaka kumugulira mafuta odzola, ndipo mtsikanayo akudziwa bwino lomwe kuti zaulere zilibe ulere, komabe kwa nthawi yoyamba pali munthu amene wamuyang'ana m'maso osati m'manja. Amayi ake akuona mafutawo ndipo akukhala chete, chifukwa nawonso akudzolako. Amalume ake, eni mbumba, akuti mwana wakula. Wolemba nthano ya ana akanati mnyamatayo ndi fisi ndipo mtsikana womvera anathawa. Wolemba nkhani ya kukula amatilowetsa m'mutu mwa mtsikanayo kuti timve kukoma kwa kukondedwa pamodzi ndi mantha ake, chifukwa wowerenga wa msinkhu womwewo sangakhulupirire nkhani imene ikunamizira kuti chiyeso sichikoma.

Apa m'pamene pali kusiyana kwakukulu ndi tsimba, ndipo ndikuganiza kuti m'pamene panagona kusamvana kwa pamsonkhano paja. M'tsimba wolankhula ndi namkungwi, ndipo namwali amawerama n'kumvetsera. M'bukuli wolankhula ndi namwali mwini, nthawi zambiri m'mawu akuti "ine", ndipo amanena zimene sangazinene pamaso pa wamkulu. Wofotokoza wotere sadziwa zonse. Amatha kuyamikira patsamba 40 chinthu chimene adzalire nacho patsamba 200, ndipo wolemba amachita dala zimenezi kuti wowerenga aone phompho mpangankhani asanalione. Choncho munthu amene wawerenga masamba awiri a pakati wamva mawu a mwana amene akadali m'tsimba, ndipo sangadziwe ngati bukulo likuyamikira khalidwe limenelo kapena likulionetsa poyera kuti liweruzidwe. Pali mabuku ena amene amayamikiradi, ndipo sindikubisa zimenezo, koma kusiyanitsa kwake kumafuna kuwerenga mpaka kumapeto.

Mathero ake nawonso amadabwitsa ozolowera nthano za "padangotero". Nthano ya kumoto imatha ndi chilango kwa wosamvera ndi mphoto kwa womvera, pamene nkhani ya kukula kawirikawiri imatha zinthu zisanalongosoke: mtsikana uja mwina walemba mayeso koma zotsatira sizinatuluke, ndipo chimene chasintha n'chakuti tsopano akudziwa chimene akufuna ndi mtengo wake.

Jenda, kudzidziwa ndi maubale

Mawu akuti jenda ambiri timawamva ngati akutanthauza akazi kukwera padenga ndi amuna kutsuka mbale, popeza anafika kwa ife kudzera m'misonkhano ya mabungwe ndi pa wailesi. Akatswiri akamawatchula amasiyanitsa zinthu ziwiri: thupi limene munthu wabadwa nalo, lachimuna kapena lachikazi, ndi mtolo wa ziyembekezo umene anthu a dera lina amasenzetsa thupi limenelo. Mtolo umenewu ndiwo jenda. Kusiyanitsa kotere kunafala m'maphunziro a chikhalidwe cha anthu m'zaka za m'ma 1970, makamaka pambuyo pa zolemba za Ann Oakley mu 1972. Umboni wakuti mtolowu amaumanga ndi anthu ndi wakuti umasiyana malo ndi malo: pa chikamwini mwamuna amakakhala kwawo kwa mkazi ndipo ana ndi a mbumba ya amayi awo, pamene pa ukwati wa malowolo ana amatsata bambo, ndipo mwana wamkazi wokulira m'miyambo iwiriyi amauzidwa zosiyana za malo ake.

Nkhani za kukula zimakonda mutu umenewu chifukwa msinkhu wa kutha msinkhu ndi pamene mtolowo umaikidwa pamutu. Mwana wa zaka 8 amasewera phada ndi mpira osafunsidwa, koma akafika zaka 13 amayamba kumva kuti mtsikana sakhala chotere, kuti mwamuna salira, kuti banja n'kupirira. Mabuku abwino a mtundu umenewu sayang'ana atsikana okha. Mnyamata amene amayi ake apita ku Johannesburg kukafuna ntchito, n'kutsala akuphikira azing'ono ake ndi kutunga madzi kumjigo pakati pa amayi amene akumuseka, ali ndi nkhani ya jenda yolemera mofanana ndi ya mtsikana wa m'chigafa uja, ndipo ndikanakonda olemba athu akanamulemba kawirikawiri.

Kudzidziwa ndi mawu amene ndikugwiritsa ntchito poimira yankho limene munthu amapereka mumtima mwake pa funso lakuti "ndine yani?" Erik Erikson, katswiri wa za maganizo, anagawa moyo wa munthu m'magawo 8 mu 1950, ndipo anati ntchito yaikulu ya gawo la unyamata ndiyo kulumikiza zimene makolo anakuuza kuti ndiwe, zimene anzako akukuona kuti ndiwe, ndi zimene iwe ukumva, kuti zikhale munthu mmodzi. Kwa ife funsoli limayankhidwa kale ndi mfunda: ndiwe Nabanda, ndiwe Phiri, ndiwe wa mpingo wakuti, mdzukulu wa akuti. Koma mwana amene m'mawa akulangidwa kusukulu chifukwa cholankhula Chichewa, madzulo akunenedwa kumudzi kuti wayamba matama a Chingerezi, ndipo usiku akuona pa foni moyo wa anzake a ku Lagos ndi London, amapeza kuti mfunda wokha sunamalize kuyankha.

Za maubale sindichedwapo, chifukwa ambiri amaganiza kuti ndi zibwenzi zokha. Zibwenzi zilimo ndithu, ndipo ndizo zimagulitsa mabuku, koma kawirikawiri ubale umene umasintha mpangankhani ndi wa iye ndi amayi ake, mnzake wa pa ponda apa m'pondepo amene wamuulula chinsinsi, kapena mphunzitsi amene anamukhulupirira.

Mbali imene imautsa mapiri pachigwa

Pali chinthu chimene kholo lililonse liyenera kudziwa. M'zaka zaposachedwapa mabuku ambiri a achinyamata ochokera ku America ndi ku Ulaya amafotokoza za achinyamata amene amakopeka ndi amuna kapena akazi anzawo, ndi ena amene amamva kuti thupi limene anabadwa nalo silikugwirizana ndi mmene akudzionera. Kumeneko mawu akuti jenda anakula n'kuphatikiza zimenezi. Ngakhale kumeneko anthu sagwirizana: bungwe la American Library Association linanena kuti mu 2023 mabuku osiyanasiyana 4,240 anadandaulidwa kuti achotsedwe m'masukulu ndi m'malaibulale, ndipo pafupifupi theka la iwo anali okhudza mitu imeneyi kapena ya kusankhana mitundu. Ofuna kuti achotsedwe amati kholo ndilo liyenera kusankha nthawi imene mwana amve za zinthu zotere, ndipo ena amati zikutsutsana ndi chikhulupiriro chawo. Owateteza amati achinyamata otere alipo kale, ndipo kusowa nkhani yonena za iwo kumawasiya okha m'masautso.

Kuno ku Malawi malamulo a milandu amaletsa kugonana kwa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha, ndipo khoti loona za malamulo aakulu a dziko linasiya malamulowo mmene alili mu June 2024. Mipingo yambiri ndi mafumu amagwirizana ndi malamulowo, pamene mabungwe ena omenyera ufulu wa anthu amawatsutsa. Lilipo kale lamulo la mu 1968 lopereka mphamvu zounika ndi kuletsa mabuku ndi mafilimu, koma linalembedwa nthawi imene buku linkalowa m'dziko kudzera pachipata cha malire, pomwe lero nkhani yathunthu imafika pa foni ya mwana kudzera pa WhatsApp ndi bandulo ya ndalama zochepa.

Chifukwa chake nkhaniyi ikutikhudza

Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni m'dziko muno, ndipo pafupifupi theka la iwo anali osakwana zaka 18. Kafukufuku wa za umoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa amayi 100 alionse a zaka 20 mpaka 24, okwana 42 anakwatiwa asanakwanitse zaka 18, ndipo mwa atsikana 100 a zaka 15 mpaka 19, okwana 29 anali ndi mwana kapena oyembekezera. Lamulo la maukwati la mu 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wokwatira, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti makolo asamathenso kuvomereza ukwati wa mwana wochepera pamenepo. Manambala amenewa akusonyeza kuti zimene zili m'mabukuwa, chibwenzi choyamba, mphatso ya mwamuna wamkulu, mimba, kusiya sukulu, ana athu akukumana nazo kale m'moyo weniweni, buku lilipo kapena palibe.

Pulofesa Rudine Sims Bishop analemba mu 1990 kuti buku limatha kukhala kalilole, m'mene mwana amadzionera yekha, kapena zenera, limene amaonerapo moyo wa ena. Aphunzitsi amene amakonda mabukuwa amatsamira pa mfundo imeneyi. Amati mtsikana amene wayenda ndi mpangankhani mpaka kuona kumene mafuta odzola aja anamufikitsa wayeseza kale m'maganizo chisankho chimene adzakumane nacho pamsewu, ndiponso kuti mwana amene sakhudza buku la silabasi amawerenga nkhani yotere usiku wonse ndi tochi, n'kutolamo Chingerezi chimene chidzamuthandize pa MSCE. Makolo amene amada nkhawa ali ndi mfundo yawo yomveka. Amati m'mera m'poyamba, kuti mwana amatengera zimene wasirira, ndipo kuti mabuku ambiri akunja amasonyeza makolo ngati anthu osamvetsa zinthu amene mwana wanzeru ayenera kuwazemba, chinthu chosemphana ndi kwathu kumene mawu a akulu amakoma akagonera. Amatinso mwambo unali ndi anthu ake oyenera kuuza mwana zinthu zobisika pa nthawi yake, azakhali, agogo, alangizi, ndipo buku limadumpha onsewa.

Chimene ine ndimachiona kuti ndi vuto lenileni, kaya munthu ali mbali iti, n'chakuti mazenera ndi ambiri koma akalilole ndi ochepa. Amene anakula m'zaka za m'ma 1980 akukumbukira timabuku ta Pacesetters, timene kampani ya Macmillan inayamba kutulutsa mu 1977, tolembedwa ndi Aafirika za achinyamata a m'mizinda ya Africa, ndipo tinkabwerekanidwa mpaka kung'ambika. Lero mwana wa ku Chulu amapeza mosavuta nkhani ya mtsikana wa ku California amene ali ndi chipinda chakechake ndi galimoto kusiyana ndi ya mtsikana amene amagona pamphasa imodzi ndi ang'ono ake atatu, ndipo nkhani zazitali za m'Chichewa zimene amakumana nazo nthawi zambiri ndi za silabasi zokha, zowerengedwa ndi mantha a mayeso.

Kuweruza buku limodzi palokha

Popeza mabuku a mtundu umenewu ndi osiyana kwambiri, ena oyenera mwana wa Sitandade 8 ndipo ena ovuta ngakhale kwa wa Fomu 4, funso lothandiza limakhala la buku limene lili m'manja. Wowerenga wamkulu angayang'ane ngati zochita za mpangankhani zili ndi zotsatira zenizeni, ngati nkhanza ndi kukakamizana zikutchulidwa ndi dzina lake kapena zikukometseredwa ngati chikondi, ndiponso ngati zachipinda zikungotchulidwa kapena zikufotokozedwa mwatsatanetsatane. Ndi bwinonso kudziwa kuti kafukufuku wa kampani ya Bowker mu 2012 anapeza kuti oposa theka la ogula mabuku a young adult ku America anali akuluakulu a zaka 18 kupita m'tsogolo, ndipo ichi chimachititsa osindikiza ena kutulutsa nkhani zolemera kuposa msinkhu umene dzinalo likunena.

Pamsonkhano paja panagwirizanidwa kuti mphunzitsi wa Chingerezi ndi makolo awiri odziwa kuwerenga aunike katoni yonse buku ndi buku, ndipo mayi aja anapempha kuti mwana wawo adzawafotokozere nkhani yonseyo m'Chichewa, kuyambira pachiyambi, asanaweruze. Mphunzitsiyo anawonjezera kuti osindikiza ambiri a ku America amalemba msinkhu woyenera, monga zaka 12 kapena 14 kupita m'tsogolo, kuseri kwa buku kapena m'kati mwa chikuto, ndipo anapempha kuti mabuku onse otsala akutidwe ndi pulasitiki asanabwerekedwe, chifukwa pa buku limene mayi aja ananyamula mbali imeneyo ndi imene inali itathothoka kale.